Kukonzekeretsa hatchi nyengo ya mvula kuno ku Mzuzu

Tsiku limene ndinatsitsa hatchi yanga yoyamba mulole, bambo wina woyandikana naye kuno ku Dunduzu anaizungulira kawiri n'kuima chogwira m'chiuno. "Achimwene, ng'ombe yopanda nyangayi mwaitenga kuti?" Tinaseka tonse. Patapita nthawi ndinazindikira kuti m'nthabwala ija muli msampha wa ife amene tinakulira kubusa. Manja athu anazolowera ng'ombe, ndiye tikapeza hatchi timaipatsa dibi ya ng'ombe, madeya a ng'ombe ndi khola la ng'ombe, mwinanso kuimwetsa mankhwala ndi botolo. Zina mwa zimenezi zimangoiwondetsa, koma zina zimaipha.

Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo kuzizira kwake hatchi imakukonda. Chovuta ndi chinyezi. Mvula ikayamba mu Disembala imakakamira mpaka Epulo kapena Meyi, ikachoka n'kutisiyira mawawa. Ntchito yoti hatchi idutse miyezi imeneyi ili moyo imayamba mvula ya chaka chino ikangodula, choncho malangizowa akutsata kalendala.

Meyi: yezani hatchi, kenako dulani udzu

Udzu, mankhwala a njoka zam'mimba ndi jakisoni zonse zimayendera kulemera kwa chiweto. Sikelo yokwana hatchi mulibe, inenso ndilibe. Tengani chingwe chosatamuka, muzungulize chifuwa kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, pamene pamadutsa lamba wa chishalo, kenako muyeze chingwecho pa tepi ya telala. Yezaninso utali kuyambira pansonga ya phewa kufika pansonga ya thako. Chulukitsani muyeso wa chifuwa ndi iwo womwewo, muchulukitsenso ndi utali, mugawe ndi 11,880. Hatchi ya chifuwa cha masentimita 170 ndi utali wa 150 imatuluka makilogalamu 365. Lembani m'kabuku, ndipo muzibwereza mwezi uliwonse, chifukwa diso la munthu woiona tsiku ndi tsiku silizindikira msanga kuti chiweto chikuwonda.

Hatchi imafuna udzu wouma wolemera magawo 1.5 mpaka 2 pa 100 aliwonse a thupi lake patsiku. Ya makilogalamu 400 ndiye kuti makilogalamu 6 mpaka 8. Wina afunsa kuti udzu wouma ngwachiyani m'dzinja, pamene msipu uli mbwee paliponse. Yankho lili pa khola: m'miyezi ya mvula hatchi yanu izikhala yotsekeredwa maola pafupifupi 16 pa tsiku, ndipo mimba yake, yomwe ndi yaing'ono, siifuna kukhala yopanda kanthu kwa maola ambiri. Ikamadya makilogalamu 6 m'khola kwa masiku 180, kuyambira Disembala mpaka Meyi, mwadutsa tani imodzi pa hatchi imodzi. Udzu umenewu simudzauumitsa mu Januwale.

Udzu wabwino ndi wa Rhodes, umene alimi ambiri a ng'ombe za mkaka amaudziwa kale. Dulani ukangoyamba kumasula, usanakhwime ngati wofolera nyumba. Yang'anani kumwamba kaye, mupeze masiku atatu kapena anayi a dzuwa, muziutembenuza masana. Potokolani kamtolo m'manja: kakasiya chinyontho, sunaume. Ikani pathandala pansi pa denga, osati pasimenti. Mtolo uliwonse wonunkha chuku kapena wotuluka fumbi loyera poutsegula, tayani osauumira, chifukwa mapapo ndi matumbo a hatchi sapirira zimene ng'ombe imapirira.

Nsenjere, kikuyu ndi setaria hatchi imadya, koma maudzu amenewa ali ndi mchere wina umene umamanga kashiamu kuti asalowe m'thupi. Madeya nawo ali ndi fosifolasi wambiri, kashiamu wochepa. Mukaphatikiza ziwirizi kwa miyezi, thupi limayamba kudya mafupa ake omwe: mafupa a kumaso amafufuma, hatchi n'kumatsimphina mwendo uwu lero, winawo mawa. Ngati mulibe udzu wina, pemphani alangizi a ziweto akuwerengereni laimu wa ziweto woonjezera, osati womangira nyumba. Madeyawo akhale ochepa, osapitirira kilogalamu imodzi ndi theka pa kudya kumodzi, ndipo akhale ouma a kuchigayo cha posachedwa. Madeya a chimanga chowola ali ndi poizoni amene amaononga ubongo wa hatchi. Imayenda ngati yaledzera, kutsamiritsa mutu kukhoma, ndipo ikafika pamenepo kawirikawiri siibwerera. Chakudya cha nkhuku zoyera chitsekereni kutali. Zina mwa zakudya zimenezi zimakhala ndi mankhwala a gulu la monensin, amene pang'ono chabe amaimitsa mtima wa hatchi.

Juni mpaka Sepitembala: katemera

Matenda oopsa kuposa onse kwa hatchi m'dera lathu lino la Africa ndi African horse sickness. Sapatsirana pogundana kapena pomwera m'chidebe chimodzi. Amafalitsidwa ndi tintchentche toluma totchedwa Culicoides, tating'ono mamilimita amodzi mpaka atatu, timene timaswana m'dothi lonyowa losakanikirana ndi ndowe, n'kumaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi mbandakucha. Mwa mahatchi 10 opanda katemera amene adwala, 7 mpaka 9 amafa. Abulu amapirira kwambiri, pamene mbidzi, monga zija za ku Nyika, zimasunga kachilomboka m'magazi osadwala n'komwe. Mu 1987 mbidzi zochokera ku Namibia zinakafikitsa matendawa ku Spain, mahatchi akumeneko n'kuyamba kugwa.

Mankhwala ochiza palibe. Chilipo ndi katemera wopangidwa ndi Onderstepoort Biological Products ku South Africa. Kachilomboka kali ndi mitundu 9, ndipo katemerayu amabwera m'mabotolo awiri: loyamba lili ndi mitundu 1, 3 ndi 4, lachiwiri lili ndi 2, 6, 7 ndi 8. Mitundu 5 ndi 9 imatetezedwa podalira kufanana kwake ndi inzake. Ndiye wobaya botolo limodzi lokha wagwira theka la ntchito.

Chitani motere. Mu Juni lankhulani ndi dokotala wa ziweto, kaya waboma pansi pa ofesi ya zaulimi ya Mzuzu ADD kaya woima payekha, kuti ayambe kuitanitsa. Katemera wochokera kunja amafuna zilolezo ndi nthawi, ndipo zaka zina amasowa ngakhale ku South Africa komweko, choncho wochedwa amapeza mabotolo atatha. Ngati pali anzanu a mahatchi, kaya kunyanja ku Kande kaya ku Lilongwe, itanitsirani limodzi. Akafika, asungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 8, m'firiji osati mufiriza. Poti magetsi amatha kuzima tsiku lathunthu, khalani ndi bokosi lozizira ndi mabotolo a madzi oundana okonzeka. Katemerayu ndi wamoyo: akatenthedwa wafa, ndipo maonekedwe ake sasintha kuti akuchenjezeni.

Botolo loyamba libayidwe pansi pa khungu ndi singano yatsopano, lachiwiri patapita masabata osachepera atatu. Ku South Africa nyengo yobayira ndi kuyambira 1 Juni mpaka 31 Okutobala, pamene tintchentche tachepa, ndipo nzeru yomweyo imagwira kuno. Ine ndimafuna zonse zithe Sepitembala asanathe. Hatchi yobayidwa koyamba musaithamangitse m'masabata otsatira jakisoni aliyense. Kuyenda pang'onopang'ono n'kokwanira. Bwerezani chaka chilichonse. Hatchi yaing'ono imene yalandira chaka chimodzi chokha ikadali pangozi, chifukwa chitetezo chimakhwima ndi kubwereza. Mwana wa hatchi amene mayi wake anabayidwa amayamba ali ndi miyezi 6.

Adokotala akabwera musawalole kubwerera ndi ntchito imodzi. Abaye katemera wa kafumbata, chifukwa hatchi imagwidwa msanga ndi matendawa ngakhale pa kabala ka msomali, komanso wa chiwewe, poti agalu oyendayenda sasowa m'Chibanja ndi m'Mchengautuwa momwe. Masiku obayira awasiyanitse okha. Ayang'anenso mano, amakula moyo wonse ndipo m'mbali mwake mumathwa n'kumacheka masaya. Hatchi yolavula timipira ta udzu wotafunatafuna ikufuna kupalidwa mano.

Okutobala: khola

Katemera satseka chitseko chonse, ndiye khola ligwire mbali yotsalayo. Likhale pamalo okwera, kutali ndi dambo ndi khola la ng'ombe, poti mtundu umodzi wa tintchentcheti umaswana m'ndowe za ng'ombe ndipo suopa kulowa m'nyumba. Chipinda cha hatchi imodzi chikhale mamita 3.6 mbali zonse, chitseko chosachepera mamita 1.2, pansi popendekera pang'ono kuti mkodzo uzituluka. Kumbani ngalande kuzungulira khola, ndipo mpopi wodontha ukonzedwe, chifukwa kamatope kapansi pa mpopi ndiko kanazale wa tintchentche.

Neti ya udzudzu wamba ili ndi maso aakulu, tintchentche timadutsa bwinobwino. Gulani neti yamthunzi ya m'nazale, yothina ya 80 peresenti, mutseke mazenera, chitseko ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga, umene ambiri amauiwala. Muziipopera mankhwala ophera tizilombo monga mmene kalembera wake akunenera. Ngati muli ndi magetsi kapena sola, fani imathandiza kawiri: tintchentcheti sitiuluka bwino pamphepo, komanso mpweya umayenda m'khola lotsekedwa. Babu loyaka usiku wonse pakhomo pa khola limatiitana, lisunthireni kwina.

Zogonera ndi mwayi wathu a kumpoto kuno, chifukwa ocheka matabwa a paini a ku Chikangawa ndi akalipentala a m'tauni amakhala ndi zopalidwa zambiri. Sankhani zopala zikuluzikulu zouma, osati utuchi wosalala umene umalowa m'mphuno, ndipo zisakhale za matabwa onyikidwa m'mankhwala.

Yendaninso m'malire a msipu ndi khasu. Zulani lantana. Dulirani nthambi za mapeyala zimene zalendewera mkati, poti masamba ake ndi poizoni kwa hatchi, ndipo Mzuzu ndi mudzi wa mapeyala. Chomera chija chamasamba ngati nthenga, chodzaza m'mapiri a Viphya, chimene Angerezi amati bracken, chisalowe m'mitolo ya udzu wanu. Waya waminga muchotse ngati mungathe. Ng'ombe imaulemekeza, hatchi yodzidzimuka imaudutsa n'kung'ambika chifuwa.

Disembala mpaka Meyi: tsiku lililonse chimodzimodzi

Hatchi ilowe m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe, ituluke maola awiri dzuwa litatuluka. Kuno ndiye kuti 4 koloko madzulo ndi 8 koloko m'mawa. Tsiku la mitambo ndi bata musafulumire kutsegula. Apa m'pamene mumakangana ndi wosamalira ziweto amene anazolowera kutsegulira ng'ombe tambala akangolira. Wanga anandifunsa kuti, "Bwana, kodi chiweto chimagona ngati mwana wasukulu?" Ndinamutengera pa neti m'mawa kukamuonetsa timadontho takuda tomatirira kunja kwake, ndipo sitinakanganenso.

Musanaitulutse, yezani kutentha. Imani chammbali pafupi ndi thako, osati kumbuyo kwenikweni kumene hatchi siiona, tukulani mchira, lowetsani choyezera chopaka mafuta pang'ono. Hatchi yabwinobwino imakhala pakati pa 37.5 ndi 38.5. Bwerezani madzulo, lembani. Kutentha kumakwera zizindikiro zina zisanaoneke, ndiye 39 ikakwana imbirani adokotala ngakhale hatchiyo ikudya. Yang'anani timaenje tiwiri tili pamwamba pa maso: tikadzadza n'kufufuma, kapena hatchi ikayamba kupuma movutika, kutsokomola ndi kutuluka thovu m'mphuno, musaikwere, musainyamule pa lole, isiyeni pamthunzi mwabata. Matendawa ndi oyenera kunenedwa ku ofesi ya zaziweto, ndipo kunena msanga kumapulumutsa mahatchi a anzanu.

Phunziraninso kugunda kwa mtima hatchi ili bwino, kuti tsiku loipa mudzakhale ndi poyerekeza. Mtsempha uli kunsi kwa fupa la chibwano. Gwirani ndi zala ziwiri, werengani masekondi 15, chulukitsani ndi 4. Pakati pa 28 ndi 44 pamphindi ndi bwino. Kupuma ndi 8 mpaka 16.

Msipu watsopano muuyambe pang'onopang'ono, ola limodzi tsiku loyamba, kuonjezera mpaka masiku 10 kapena 14, ndipo hatchi iyambe yadya udzu wouma isanatuluke. Madzi akhalepo usiku wonse. Imamwa malita 25 mpaka 50 patsiku, ndiye chidebe chimodzi cha malita 20 n'chosakwana. Powola ndowe m'mawa, werengani milu. Pa maola 24 hatchi imachita ndowe ka 8 mpaka 12, ndipo milu ikachepa ndi uthenga woyamba wochokera m'mimba. Ndowezo zipite kudzala lakutali, zikakhale manyowa a kudimba.

Nkhupakupa, ndi cholakwa changa

Mvula imabwera ndi nkhupakupa, ndipo zina zimapatsa hatchi matenda a m'magazi: kutentha thupi, kufooka, nkhama zotuwa kapena zachikasu, mkodzo woderako. Pitirizani dzanja tsiku lililonse kunsi kwa mchira, m'makutu, m'manyenje ndi pakati pa miyendo yakumbuyo.

Chaka changa chachiwiri ndinagula dibi pa sitolo ina m'tauni. Ndinangoti ndikufuna ya nkhupakupa, wogulitsa sanafunse chiweto chake, inenso sindinawerenge botolo. Tinapopera ng'ombe, otsala tinamalizira pa hatchi. Kutacha inali itazyolika, maso ali lendee, m'mimba muli zii, ndowe osachita. Adokotala atafika anangotembenuza botolo n'kundiloza mawu amodzi: amitraz. Mankhwala amenewa ndi abwino kwa ng'ombe, koma kwa hatchi amaimitsa matumbo. Tinaisambitsa ndi madzi ozizira ambiri, iwo anaipatsa madzi a m'mitsempha, ndipo panapita masiku ndowe zisanabwerere mwakale. Safunsa anadya phula. Gwiritsani okhawo amene pa kalembera palembedwa kuti ndi oyenera mahatchi.

Kumbali ya Vwaza, ku Rumphi, kuli kashembe, ndipo hatchi siipirira matenda ake. Ulendo wokakwera kumeneko ungousiya.

Ziboda

Walira mvula walira matope, ndipo matope amayambira kuziboda. Tukulani phazi lililonse m'mawa ndi madzulo, mukolokose ndi kachitsulo kopindika kosathwa, kuchokera kuchidendene kupita kutsogolo. Samalani timigula tiwiri ta m'mbali mwa kanyama kooneka ngati V. Mukamva fungo lowola n'kuona zakuda zonyowa, tsukani, umitsani, pakani ayodini, ndipo sinthani zogonera zonyowa. Chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, ndiye chimafuna kusemedwa pa masabata 6 mpaka 8 aliwonse. Amisiri a ziboda ndi osowa kuno. Mukapeza wodziwa, mulipireni tsiku loonjezera kuti akuphunzitseni inu ndi wantchito wanu kugwira tupa. Pa dothi lathu mahatchi ambiri amayenda bwino opanda nsapato zachitsulo.

Hatchi yonenepa ikaima yotsamira kumbuyo, miyendo yakutsogolo itatambasulidwa, ziboda zikutentha, ichotseni pamsipu nthawi yomweyo, muimike m'madzi ozizira ndi kuitana adokotala. Kumeneko ndi kutupa kwa mkati mwa chiboda, ndipo msipu wanthete ndi madeya ambiri ndizo zimayambitsa kawirikawiri.

Mimba ikapotokola

Hatchi siisanza, choncho chilichonse cholakwika m'mimba chilibe njira yobwererera. Mukaona ikupalasa pansi, kuyang'anayang'ana m'nthiti, kugona n'kudzuka, kutuluka thukuta popanda ntchito, chotsani chakudya chonse koma madzi asiyeni. Werengani mtima, onani mtundu wa nkhama, tsamiritsani khutu pamimba mbali zonse kuti mumve ngati mukulira. Imbani foni muli ndi manambala amenewa m'manja, chifukwa adokotala ali kutali amaweruza changu cha ulendo wawo potengera zimenezo. Mtima ukapitirira 60, nenani zimenezo poyambirira. Podikira, iyendetseni pang'onopang'ono ngati ikufuna kugubuduka, koma musaitopetse. Chachikulu, musaimwetse mafuta ophikira kapena mowa ndi botolo monga timachitira ndi ng'ombe yotupidwa. Mafutawo akalowera kumapapo mwaonjezera matenda achiwiri oposa oyamba.

Kukwera

Nthawi yokwera m'dzinja ndi pakati pa 8 koloko ndi 4 koloko, basi. Katondo wa kuno akanyowa amaterera ngati sopo, ndiye kuthamanga ndi kudumpha dikirani pouma, potsetsereka yendani. Miyezi imeneyi ndi yabwino kumanga mphamvu mwa kuyenda mitunda, kuyambira mphindi 20 n'kumaonjezera sabata ndi sabata, kuti pofika chilimwe minyewa ikhale yokonzeka kulimbana ndi zodumpha. Chishalo chisaikidwe pamsana ponyowa kapena pamatope, chimasupula. Chikopa chake chimachita chuku m'masiku ochepa, muzichipukuta ndi kuchipachika pouma. Chipewa cholimba chivalidwe ngakhale mukungozungulira pakhomo. Ngati mukufuna kukapikisana ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 350 pa M1, tengani chilolezo chosamutsira chiweto ku ofesi ya zaziweto, nyamukani dzuwa litakwera, muziima pa maola atatu kapena anayi aliwonse kuti imwe, ndipo funsiranitu ngati khola lakumeneko lili ndi neti.

Ambiri amatopa mu Malichi ndi Epulo. Mvula yayamba kupuma, udzu wouma watsala pang'ono, ndiye amati bola igone panja usiku umodzi. Komatu kumapeto kwa mvula n'kumene tintchentche timakhala titachulukitsitsa. Udzu ukatha, mwetani wauwisi masana, muufotetse pang'ono poyala, muupereke m'khola tsiku lomwelo osauunjika. Ine neti ndimaisiya ili pomwepo ndipo 4 koloko ndimaisunga mpaka usiku wa Juni utayamba kuluma zala.